Kodi ulemu umasinthadi kanthu popempha thandizo kwa munthu wosamudziwa?

Chiphaliwali:
Akuluakulu, ndili ndi funso lomwe mwina ena likuwawani. Timaphunzitsana kuti ukafuna thandizo kwa munthu amene sukumudziwa uyambe ndi moni, upepese pomuimitsa, akakuthandiza uthokoze. Koma kodi zimenezi zimasinthadi yankho lake? Munthu wa mtima wabwino athandiza basi, kaya wamulonjera kaya ayi. Wouma mtima naye, ngakhale umunyengerere mpaka dzuwa kulowa, sakuchitira kanthu. Ndipo tisaiwale kuti anthu aulemu kwambiri pamsewu nthawi zambiri amakhala akathyali. Ndiye ulemuwu ntchito yake n'chiyani kwenikweni? Ndikufuna mayankho ogwirika, osati akuti ndi mmene tinaleredwera.

Nkhwazi47:
A Chiphaliwali, mwagawa anthu pawiri, abwino ndi ouma mtima, chonsecho ambiri ali pakatikati. Munthu amene mwamuimitsayo sanadzuke m'mawa ataganiza kale zokuthandizani kapena kukukanani. Amaganiza pomwepo, m'masekondi ochepa oyambirira, ndipo m'mutu mwake mumabwera mafunso atatu. Kodi munthuyu sandichita chipongwe? Zimenezi zinditengera nthawi yaitali bwanji? Nanga ndikakana, andisiya ndipite mwamtendere? Ulemu ndi kuyankhiratu mafunso amenewa iye asanawatulutse pakamwa. Mukawayankha bwino, wapakatikati uja amapendekera kwa inu. Mukawasiya, amasankha chosavuta, chomwe ndi kupitiriza ulendo wake.

Kamtedza:
Ndiye mukuti ulemu ndi nyambo chabe?

Nkhwazi47:
Nyambo imabisa mbedza, achimwene. Apa tikunena zomuonetsa munthu zonse poyera kuti asankhe yekha.

Mlonda_Usiku:
Tiyambe ndi thupi, chifukwa pakamwa pasanatseguke munthu amakhala waona kale zambiri. Mufikireni chakutsogolo kapena cham'mbali pang'ono, pomwe angakuoneni mukubwera. Kumudzera kumbuyo n'kumugwira paphewa kumamudzidzimutsa, ndipo munthu wodzidzimuka amayamba wagwira thumba lake, makutu amatseguka pambuyo pake. Imani patali pafupifupi mita imodzi ndi theka. Edward T. Hall, katswiri wa ku America amene analemba za nkhaniyi mu 1966, anati mpata wa anthu osadziwana umayambira pa mamita 1.2 kufika 3.6, kuyandikana kuposa pamenepo n'kwa abale ndi abwenzi. Manambalawa amasiyana malinga ndi maiko, koma njira yosavuta ndi yoti muime patali, iye ndiye ayandikire akafuna.

Manja akhale poonekera, osati m'matumba kapena kumbuyo. Chotsani zomvetsera m'makutu ndi magalasi akuda. Musamutsekere njira: mukaima pakhomo, kapena pakati pa iye ndi galimoto yake, mwamuuza kale kuti sachoka mpaka akuyankheni. Mukakhala awiri kapena atatu, apite mmodzi, enawo atsale chapatali. Ndipo ngati muli pagalimoto, musamukodole ndi chala kapena kumuimbira hutala kuti abwere pawindo. Imikani bwino, tsikani. Amayenda ndi wofuna thandizo.

MaiAwiri:
Muonjezerepo ichi bambo. Mwamuna akafuna kufunsa usiku kapena pamalo opanda anthu, asasankhe mzimayi amene ali yekha ngati alipo wina woti n'kumufunsa. Mzimayiyo akapanda kuyankha n'kuyamba kuyenda ndawala, si mwano, ndi mantha, ndipo kumulondola uku mukufuula kuti mumangofuna kufunsa n'kuonjezera manthawo. Chimodzimodzinso ana. Munthu wamkulu alibe chifukwa chopemphera mwana wachilendo kuti amuperekeze kapena akwere galimoto akamulozere njira. Ana amalangizidwa kuthawa munthu wotero, ndipo akathawa achita bwino.

Chiphaliwali:
Zamveka, koma imeneyo ndi nkhani ya chitetezo. Ine ndikunena mawu. Ulipo umboni woti mawu amasintha kanthu?

Gogo_wa_Mabuku:
Ulipo mwanawe. Mu 1978 Ellen Langer ndi anzake awiri anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachitira pa makina a fotokope m'laibulale ina ku New York. Munthu ankafika kwa amene watsala pang'ono kuyamba kukopa mapepala, n'kupempha kuti ayambe ndi iye. Akangonena kuti ali ndi mapepala 5, amulole, anthu 60 mwa 100 alionse ankalola. Akaonjezera chifukwa chenicheni, kuti akufulumira, ankalola 94. Chodabwitsa n'chakuti akapereka chifukwa chopanda mutu, chakuti akufuna kukopa mapepala, ngati kuti enawo abwerera zina, ankalolabe 93.

Kamtedza:
Haa! Ndiye anthufe sitimvetsera n'komwe. Ungoti "chifukwa" basi, zatheka.

Gogo_wa_Mabuku:
Musafulumire, nkhaniyo siinathere pamenepo. Mapepala aja atakhala 20, chifukwa chopanda mutu chija chinasiya kugwira ntchito. Ankalola anthu 24 mwa 100, chimodzimodzi ndi pamene wopemphayo sanapereke chifukwa chilichonse. Chifukwa chenicheni ndiye chinakweza nambala kufika pa 42. Pempho likakhala laling'ono munthu satchera khutu kwenikweni, amangomva kuti wopemphayu wamuganizira mpaka kumufotokozera. Likakula amayamba kuyesa mawu pa sikelo.

Palinso wina, Stanley Milgram, amene m'zaka za m'ma 1970 anatuma ophunzira ake m'sitima zapansi za ku New York kuti azipempha anthu okhala pansi awapatse mpando. Popanda chifukwa chilichonse, anthu pafupifupi 68 mwa 100 ankanyamuka kapena kusendera. Wopemphayo akanena kuti akufuna kuwerenga buku ndipo sangathe ataimirira, olola ankachepa. Zikumveka: ukapanda kunena chifukwa munthu amaganiza kuti mwina ukudwala, ukanena chachabechabe wamuchotsera chikaikocho. Choncho perekani chifukwa choona, chachifupi, cholingana ndi kukula kwa chimene mukupempha. Ngati chifukwa chanu n'chochititsa manyazi kuchitchula, mwina pempholo ndiye losayenera.

Nyenyezi88:
Ine vuto ndimaliona kwina. Anthu ambiri amasokoneza ulemu ndi kuchulutsa gaga m'diwa. Tamverani awiriwa. Woyamba: "Pepani bambo, ndingakuvutitseni pang'ono? Kungoti ine ndachokera kutali, ndiye mwina mungandimvetse, si khalidwe langa kuimitsa anthu..." Pofika apa womverayo watsimikiza kale kuti nkhani ikupita ku ndalama, ndipo maso ake ayamba kufunafuna pothawira. Wachiwiri: "Pepani bambo, ndikufuna njira ya ku siteshoni ya sitima, mungandilozere?" Uyu watchula chimene akufuna m'chiganizo choyamba, ndipo munthu wadziwa kuti ndi nkhani ya theka la mphindi. Ngati chinthucho chitenga nthawi, nenani nthawi yake yeniyeni. Mphindi khumi zikhale khumi. Kunena kuti "kamphindi chabe" pamene mukudziwa kuti katunduyo akufunika maulendo anayi pamasitepe, ndi bodza lovala jekete.

MaiAwiri:
Koma mayi, musataye moni. Kuli malo ambiri padziko komwe kufunsa usanalonjere kumatseka khomo nthawi yomweyo. Ku France mukalowa m'sitolo n'kuyamba ndi funso musanapereke moni, wogulitsa amakuonani ngati wamwano, ngakhale funso lanu likhale lomveka bwanji.

Nyenyezi88:
Sindinati atayidwe. Moni, kenako imani kwa sekondi imodzi muone. Akaima n'kuyankha mokwanira, ndi munthu wofuna malonje, mupatseni. Akangogwedeza mutu mwendo uli m'mwamba, pitani pa mfundo. Kutalika kwa moni kumayezedwa ndi womulandira.

Fulumirani:
Palibe amene wanena za kusankha munthu woti umufunse, chonsecho theka la ntchito lili pamenepo. Mu 1973 John Darley ndi Daniel Batson anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anayesa ophunzira za ubusa ku Princeton, ku America. Aliyense ankatumidwa ku nyumba ina kukakamba nkhani, ena mpaka nkhani ya Msamariya wachifundo, ndipo panjira ankapeza munthu ali khumaa pansi akubuula. Mwa amene anauzidwa kuti nthawi ilipo, 63 mwa 100 anathandiza. Mwa amene anauzidwa kuti achedwa kale, anathandiza 10 okha. Mutu wa nkhani yomwe ankapita kukakamba sunasinthe zambiri. Izi zikuyankha a Chiphaliwali pa mfundo yawo yoyamba: munthu yemweyo, mtima womwewo, amatha kuthandiza lero n'kukudutsani mawa chifukwa cha wotchi.

Ndiye yang'anani kaye. Amene akuthamangira basi, amene ali pa foni, amene akuwerenga ndalama, amene wanyamula mwana dzanja ili katundu dzanja linalo, asiyeni. Funsani amene wakhala pansi, amene akudikira, kapena amene ntchito yake imamusunga pamalopo tsiku lonse, monga mlonda kapena wogulitsa, malinga asakhale pakati potumikira kasitomala. Oterewa ndi amenenso amadziwa malowo bwino kuposa wodutsa.

Mlendo_Wanu:
Pa nkhani ya njira pali chinthu chimodzi chomwe chimasocheretsa anthu ambiri. Anthu ena akafunsidwa amachita manyazi kunena kuti sakudziwa, ndiye amangoloza kwinakwake kuti asakukhumudwitseni. Kafunsidwe kanu kangachepetse zimenezi. Musafunse kuti "msewu uwu ndi wopita kuchipatala eti?" chifukwa yankho losavuta ndi eya. Funsani kuti "kodi dera lino mumalidziwa bwino?" Pamenepo mwamutsegulira khomo loti anene kuti nayenso ndi mlendo popanda kuchita manyazi. Akati amalidziwa, funsani kuti njira ya kuchipatala ndi iti, mumusiye afotokoze yekha.

Akatha bwerezani zomwe wanena, mokweza: ndipite molunjika, pa mphambano yachiwiri ndikhotere kumanzere, ndikaona nyumba yosanja. Munthu amene wakuyang'anani kumanja kwake ndi kumanzere kwanu, ndipo olozera ambiri amasokoneza apa, pakamwa akuti kumanja dzanja likuloza kumanzere. Khulupirirani dzanja, koma funsani. Malangizo akapitirira makhotedwe atatu musayese kuwasunga onse, gwirani awiri oyambirira mukafunsenso kutsogolo. Chachikulu: ngati mukukaika, musafunse munthu wina pamaso pa woyambayo. Thokozani, yendani mpaka asakuoneni, kenako funsani. Safunsa anadya phula, koma wofunsa kawiri pamaso pa mwini wake amatukwana.

Kamtedza:
Nanga kubwereka foni? Masiku ano ndani angapereke foni yake kwa munthu wachilendo? Ngakhale ubwere ndi ulemu wa mngelo.

Mlonda_Usiku:
Musabwereke foni, pemphani kuti akuimbireni. N'zosiyana kwambiri. Muuzeni kuti foni yanu yatha moto, mukufuna kudziwitsa wachibale pomwe muli, ndipo muonjezere kuti foniyo agwire yekha. Mutchulireni nambala alembe yekha, aike pa sipika, inu mulankhule muli chiimire pomwepo. Mawu akhale okonzeratu: ndili pakutipakuti, foni yazima, mundipeze nthawi yakuti. Osapitirira mphindi imodzi. Akakupatsirani m'manja mwa kufuna kwake, musasunthe phazi, musatembenuke, musatsegule china chilichonse. Komanso muuzeni amene mwamuimbirayo kuti nambalayi ndi ya munthu wongokuthandizani, asaimbenso, chifukwa anthu ena amadzavutitsidwa usiku ndi achibale a munthu amene anamuthandiza masana.

Wosakhutira:
Ndipo wothandizayo achenjere. Foni yotsegula ili ndi banki, maimelo ndi zithunzi. Wina amanamizira kuimba pamene akutumiza ndalama, kapena akuyembekezera nambala yachinsinsi ija imabwera pa SMS kuti alande akaunti ya WhatsApp. Aliyense wopempha kuti mumuwerengere manambala amene angofika pafoni yanu, mukaneni, kaya wavala suti kaya akulira. Mapulogalamu a banki akhale ndi loko wawowawo, wosiyana ndi wotsegulira foni.

Kamtedza:
Loko wa chala ndi wabwino kuposa wa manambala?

Wosakhutira:
Pagulu inde, chifukwa palibe angakuonereni paphewa. Koma nambala ikhalepobe, ndipo isakhale chaka chobadwa.

MaiAwiri:
Abale, tafika ku maloko a foni? Tibwerere.

Chiphaliwali:
Ayi mayi, a Wosakhutira andithandiza. Akuba amadziwa zonse zomwe mwalembazi. Amaima patali, amapereka chifukwa, amamwetulira. Ndiye ulemu ungasiyanitse bwanji woona ndi wonama?

Nkhwazi47:
Pa chiyambi sungasiyanitse, ndipo palibe amene wanena kuti ungatero. Kusiyana kumaoneka pawiri. Poyamba, woona amavomera njira yotetezeka: mukamuuza kuti foni mugwira nokha, kapena kuti tikiti mukamugulira nokha pawindo m'malo momupatsa ndalama, amakondwa. Wonama amayamba kupeza zifukwa. Kachiwiri, mukakana. Waulemu weniweni amathokoza n'kuchoka. Wa chinyengo ulemu wake umatha ngati wazimitsidwa, kapena amakakamira n'kuyamba kukuchititsani manyazi.

Palinso kachenjerero kena komwe Jonathan Freedman ndi Scott Fraser anakaonetsa mu 1966: munthu akavomera kanthu kakang'ono, kumamuvuta kukana chachikulu chobwera pambuyo. Ndi chifukwa chake ena amayamba ndi kufunsa nthawi, kenako njira, kenako ndalama. Wopempha woona asachite zimenezi ngakhale zimagwira ntchito. Tchulani chachikulucho poyamba. Amene wakokedwa pang'onopang'ono amazindikira pambuyo pake, ndipo amene amalipira ndi munthu wotsatira amene adzamuimitse akungofunadi kudziwa nthawi.

Gogo_wa_Mabuku:
Pa kukana pomwepo. Mu 2000 Nicolas Guéguen ndi Alexandre Pascual ku France anatuma anthu kupempha odutsa ndalama yokwerera basi. Popempha wamba, amene anapereka anali 10 mwa 100. Wopemphayo akaonjezera kuti munthuyo ali ndi ufulu kuvomera kapena kukana, anapereka pafupifupi 47. Mu 2013 Christopher Carpenter anaphatikiza kafukufuku 42 wa mtundu umenewu n'kupeza kuti mawu oterewa amathandizadi. Munthu akaona kuti akukankhidwa amalimba miyendo. Mukamuuza kuti "ngati simungathe palibe vuto", chinthucho chimakhala chake, mphatso osati msonkho.

Chiphaliwali:
Agogo, imeneyo ndiye nyambo ija a Kamtedza ananena. Ukumuuza kuti akhoza kukana n'cholinga choti asakane.

Gogo_wa_Mabuku:
Imakhala nyambo ngati akakana inu mukwinya nkhope. Mawuwo ndi lonjezo, mukalinena mulisunge.

Nyenyezi88:
Apa pali chinthu chimene opempha ambiri sachidziwa: ali ndi mphamvu kuposa mmene amaganizira. Francis Flynn ndi Vanessa Lake, amene pano amadziwika kuti Vanessa Bohns, anafalitsa mu 2008 kafukufuku yemwe ophunzira ankayamba alosera kuti afunsa anthu angati asanapeze owathandiza. Pobwereka foni kwa anthu atatu ankaganiza kuti afunsa pafupifupi 10, koma ankafunsa pafupifupi 6. Wopempha amangoganizira za mtolo umene akusenzetsa mnzake, amaiwala kuti kukana munthu maso ndi maso n'kowawa. Tanthauzo lake lili pawiri. Amanyazi alimbe mtima, anthu amavomera kuposa mmene timaopera. Koma "chabwino" wina amatuluka chifukwa munthu wasowa pothawira, osati chifukwa wafuna. Mukaona akuyang'ana wotchi, akuzengereza, akuseka kuseka kopanda chimwemwe, mumasuleni nokha: "Ndaona muli pa changu, ndifunsa ena, zikomo." Musapemphe chinthu chachikulu pamaso pa anzake kapena ana ake, pomwe kukana kungamuonetse ngati woipa.

Dokotala_wa_Injini:
Ndipereke chitsanzo cha pamsewu, pomwe kukonzeka ndiye ulemu waukulu. Batire yafa pamalo oimikapo galimoto. Wina amangoima n'kumauza aliyense kuti "galimoto yandivuta, thandizeni". Wodutsa sadziwa ngati akufunika kukankha, kukoka kapena kutsegula injini, ndiye amati ali pa changu. Wodziwa amayamba waona yekha: magetsi akuyaka mofooka, akatembenuza kiyi pakungomveka kuti tcha tcha tcha, mitu ya batire ndi yomangika bwino. Amatsegula boneti, amatulutsa mawaya olumikizira mabatire kukhala nawo m'manja, amasankha galimoto yomwe ingafike pafupi mosavuta, n'kunena kuti: batire yafa, mawaya ndili nawo, ndi ntchito ya mphindi zisanu mpaka khumi, mungandithandize?

Akavomera, musamuonongere galimoto. Mabatire onse akhale a mavoti ofanana, ambiri a galimoto zing'onozing'ono ndi a 12. Galimoto zisakhudzane, zonse zizimitsidwe. Waya wofiira uyambe pa mutu wa + wa batire yakufa, mbali inayo pa + wa yamoyo. Wakuda pa mutu wa − wa yamoyo, mbali yotsala pa chitsulo chosapaka penti cha injini ya galimoto yakufayo, patali ndi batire, chifukwa batire imatulutsa mpweya wogwira moto ndipo kulumikiza komaliza kumathetheka. Lizani yamoyo, dikirani mphindi zingapo, yesani yanu. Pochotsa yambani ndi umene munamaliza nawo. Mwini galimoto akakana n'kunena kuti yake ndi ya magetsi kapena buku lake limaletsa, musatsutsane naye. Akudziwa mtengo wa kompyuta ya galimoto yake.

Fulumirani:
Mfundo ya mitu ya batire ndi yofunika. Anthu ambiri amapempha njira imene aiganizira okha m'malo monena vuto. Amaitana anthu anayi kuti akankhe galimoto, thukuta kamukamu, chonsecho mutu wa batire unangomasuka. Nenani chimene mukuona ndi chimene mukufuna kufikira, mwina amene mwamufunsayo ali ndi njira yachidule.

Namwino_Wausiku:
Ndisiyane nanu pang'ono nonse. Pa ngozi, "pepani" ndi "ngati mungathe" zimachedwetsa. Munthu akagwa n'kusiya kupuma, ubongo umayamba kuonongeka pakangopita mphindi zochepa. Kufuula kuti "wina aimbe ambulansi" sikuthandiza, chifukwa aliyense amaganiza kuti winayo ndi mnzake. Darley yemwe uja ndi Bibb Latané anaonetsa izi mu 1968: munthu akaganiza kuti ndi yekha amene akumva mnzake akudwala mwadzidzidzi, 85 mwa 100 ankathamangira kukanena, koma akaganiza kuti pali ena anayi akumvanso, 31 okha. N'chifukwa chake pa maphunziro a chithandizo choyamba amati loza munthu mmodzi, muyang'ane m'maso, mupatse ntchito imodzi: "Inu a malaya ofiira, imbani ambulansi, munene kuti munthu sakupuma, mubwere mundiuze." Wina mumutume kukaima pamsewu kuti ailozere ikafika. Mawu amphamvu, osatukwana. Kuthokoza kudzabwera pambuyo.

Ndipo musataye mtima ndi khamu. Richard Philpot ndi anzake anaonera makanema 219 a makamera a m'misewu ku Amsterdam, Lancaster ndi Cape Town, a anthu akukangana kapena kumenyana, ndipo pa mikangano 9 mwa 10 ilionse panapezeka wina amene analowererapo. Anthu amafuna kuthandiza, chimene amasowa ndi wowauza chochita.

Nkhwazi47:
Sitikusiyana, anamwino. Kumuuza munthu chochita chenicheni n'kumuchotsera mtolo woganiza. Ndi zomwezija, zangovula zokongoletsa.

Kalembera:
Nanga polemba uthenga kwa munthu wosamudziwa, monga katswiri wa ntchito ina? Apa ndiye pamalakwika zambiri. Wina amalemba "Moni" n'kudikira. Akayankhidwa, "muli bwanji". Akayankhidwa, "ndili ndi funso". Tsiku latha funso lisanafike. Zonse zikhale mu uthenga umodzi: moni, ndinu ndani m'chiganizo chimodzi, nambala kapena adiresi mwaipeza bwanji, chifukwa chiyani mwasankha iyeyo, funso lenilenilo, zimene mwayesa kale ndi zimene zinachitika. Ngati ndi makina, tchulani mtundu wake ndipo mawu amene akuonekera muwakopere ndendende kapena muwajambule chithunzi chooneka bwino. "Sizikugwira ntchito" si kufotokoza. Funso likhale loti munthu angaliyankhe pa mphindi zisanu. "Ndiphunzitseni zonse za bizinezi" palibe amene angaliyambe. Musalembe ndi zilembo zazikulu zokhazokha, musatumize mawu ojambula a mphindi zisanu ndi ziwiri kwa munthu amene sanakumvenipo, musaimbe foni musanapemphe. "Mwachangu" ndi changu chanu, osati chake. Ngati pali tsiku lomaliza litchuleni ndi chifukwa chake. Akapanda kuyankha, dikirani sabata, kumbutsani kamodzi, basi.

Dziwaninso kuti kulemba n'kofooka. Mahdi Roghanizad ndi Bohns anapeza mu 2017 kuti pempho lomwelo kwa anthu achilendo linkavomerezedwa kuchuluka ka 34 likanenedwa maso ndi maso kuyerekeza ndi pa imelo, chonsecho olemba maimelowo ankadzidalira mofanana ndi opita pamaso. Wolandira uthenga saona nkhope yanu, amangoona dzina lachilendo ndi linki yokaikitsa.

Wosakhutira:
Zonsezi n'zabwino, koma pa ofesi amene amathandizidwa msanga ndi wokalipa. Tisanamizane.

MaiAwiri:
Amathandizidwa kuti achoke, bambo. Amapatsidwa chimene lamulo likunena, osapitirira. Wogwira ntchito pa kauntala amakhala ndi zinthu zomwe sakakamizidwa kukuuzani: kuti fomu mwalemba polakwika ndipo ikabwezedwa pakatha milungu, kuti pakufunika kope yachiwiri, kuti ndi tsiku liti pamakhala anthu ochepa, kuti amene amasainira ndi uti. Zimenezi amauza amene wafuna kumuuza. Fikani mapepala ali m'manja motsatana, nambala ya nkhani yanu ili pamwamba. Musayambe ndi "anthu inu", chifukwa amene ali pawindoyo nthawi zambiri si amene analakwitsa. Akati sizingatheke, funsani kuti chikusoweka n'chiyani, ndipo amene angathe ndani. Kudandaula kulipo, ndipo nthawi zina n'koyenera, koma kumayenda bwino polemba, ndi masiku ndi manambala, kupita kwa woyang'anira.

Mlendo_Wanu:
Kudziko la eni, komwe chilankhulo simuchidziwa, phunzirani mawu atatu a kumeneko: moni, pepani, zikomo. Kenako funsani ngati amamva chilankhulo chanu musanayambe kukhuthula. Akapanda kumva, kukweza mawu sikumasulira kanthu. Chepetsani liwiro, fupikitsani ziganizo, onetsani adiresi yolembedwa, manambala alembeni papepala.

Kamtedza:
Funso lomaliza kwa ine. Munthu wakuthandiza, umupatse ndalama kapena ayi? Ena amakwiya, ena amayembekezera.

Dokotala_wa_Injini:
Siyanitsani zimene waononga ndi chifundo chake. Ngati wathira mafuta ake, wakukokani mtunda wautali, wagwiritsa chipangizo chake chomwe sichibwerera, bwezani, ndipo nenani kuti ndi za mafuta, kuti alandire popanda kuona ngati mwamugula. Ngati ndi ntchito imene amadyera, monga makaniko amene mwamupeza panjira, gwirizanani mtengo asanagwire sipanala, chifukwa mikangano yambiri imabuka pamene wina ankaganiza kuti ndi chifundo winayo akuwerenga ganyu. Koma wokulozerani njira kapena wokugwirirani mwana pokwera basi, ndalama imamuchepetsa. Nenani kamodzi, akakana musamuunjikire m'thumba.

Kalembera:
Ndipo pothokoza tchulani chimene wachita. "Zikomo, mukanapanda kundiuza za kope yachiwiri ndikanabwerera" imamveka kuposa zikomo khumi. Amene anakuyankhani polemba mubwerere mukamuuze mmene zinathera, ngakhale malangizo ake atakhala kuti sanagwire: ndinayesa chakuti, sichinatheke, vuto linapezeka kuti linali lakuti. Akatswiri ambiri amasiya kuyankha anthu achilendo chifukwa amaponya yankho m'chitsime osamva ngakhale kuti phava.

Chiphaliwali:
Za thupi, za kusankha munthu ndi za kukonzeka ndavomera. Za "muli ndi ufulu kukana" ndikukaikabe, zikundinunkhira ukathyali. A Dokotala, waya wakuda uja, ngati injini yonse yakutidwa ndi pulasitiki, chitsulo chake tichipeze pati?

Dokotala_wa_Injini:
Onani m'buku la galimotoyo, zambiri zatsopano zili ndi bawuti yoikidwiratu ntchito imeneyo, nthawi zina yolembedwa chizindikiro cha −. Likasowa buku, funani bawuti yaikulu yosapaka penti pa thupi la injini, kutali ndi mapaipi a mafuta ndi malamba ozungulira.